Mmene nyemba ndi chimanga zinandithandizira kumvetsa nkhondo ya ku Cannae

Kwa masabata awiri nkhani ya ku Cannae imandizunguza mutu koopsa, ndimawerenga mobwerezabwereza koma osamvetsa kuti zinatheka bwanji kuti Hannibal, mkulu wa nkhondo wa mzinda wa Carthage kumpoto kwa Africa, ndi asilikali pafupifupi 50,000 azungulire Aroma oposa 80,000 m'chaka cha 216 BC kumwera kwa Italy kuja. Mapu a pafoni ndi timivi tawo tija sankandithandiza olo pang'ono.

Ndiye dzulo ndinangoyala mphasa pakhonde, chimanga kukhala Aroma, nyemba anthu a Hannibal, zitsekerero za mabotolo kukhala apamahatchi. Nyemba zapakati, omwe ndi a mtundu wa Gaul ochokera kumpoto kwa Italy ndi aku Spain, ndinaziyala mokhota ngati uta zitatulukira kutsogolo, aku Africa m'mbali zonse ziwiri. Kenako ndinayamba kukankha chimanga pang'onopang'ono ndi chikhatho, nyemba zapakati zikubwerera m'mbuyo, ndipo apa mpamene ndinaziona ndi maso angawa, chimanga chija chinalowa chokha m'thumba nkuthithikana moti wapakati analibe mpata olo wokweza lupanga. Aku Africa aja anangotembenuka nkumamenya m'nthiti. Zitsekerero za Hasdrubal, mkulu wa apamahatchi a Hannibal, zitathamangitsa mahatchi a Aroma ndinazizungulitsa kumbuyo nkutseka pakamwa pa thumbalo, basi.

Kuchuluka kwawo komweko nkomwe kunawapweteka, amene amatha kumenya ndi am'mphepete okha. Paullus, mmodzi mwa atsogoleri awiri a Aroma, anafera pomwepo, mnzake Varro anathawa. Ndinakhala duu kanthawi ndikuyang'ana chimangacho, zinandikhudza ndithu.

Mawa ndiyala nkhondo ina ya Hannibal, ya ku Zama ya 202 BC, ndatolera kale timiyala toimira njovu.