Momwe mungathandizire mwana kuphwanya mawu ataliatali a Chingerezi

Mwana wanga ali Fomu 3, ndipo madzulo ambiri amabwera ndi mawu a Chingerezi oti apeze matanthauzo ake. Ine si mphunzitsi, koma njira iyi yatipulumutsa kangapo.

Choyamba, musathamangire dikishonale. Lembani liwulo papepala, mulidule m'mfundo zake ngati nzimbe. Tengani "transport": "trans" ndi kuwoloka, "port" ndi kunyamula, zonse zochokera ku Chilatini. Mwana akangogwira "port", ndiye kuti "export", "import" ndi "portable" azitola yekha. Zina ndi za Chigiriki: "tele" ndi kutali, "bio" ndi moyo, "geo" ndi dziko. Akadabwa, mukumbutseni kuti ifenso nsapato ndi mbatata tinabwereka kwa Apwitikizi.

Chachiwiri ndi pomwe ndinagwa nazo, ndiye mumvetsere. Ndinamuuza mwanayo kuti "in" akakhala kumayambiriro amatanthauza kukana: "incorrect", "invisible". Tsiku lina anabwera ndi "invaluable". Ndili pakati posenda mbatata, osayang'ana n'komwe chiganizo chake, ndinangoti, "Chinthu chopanda phindu, lemba." Analemba. Mawa lake kope linabwera ndi mtanda wofiira, mwana atatupa ngati finye. Liwulo limanena chinthu chamtengo wapatali kwambiri moti sungachiikire mtengo. "In" akukanadi, koma akukana kuwerengeka kwa mtengowo. "Inflammable" ndiye woopsa zedi: si chinthu chosayaka, ndi chosachedwa kugwira moto, n'chifukwa chake mumaliona pa mathanki onyamula mafuta. Chichokereni tsiku limenelo, tikaphwanya liwu timalibwezera m'chiganizo momwe linachokera, tione ngati zikumveka. Chiganizo chija chinkayamikira thandizo la agogo. Ndikanangochiwerenga!

Chachitatu, tsopano tsegulani dikishonale mutsimikize. Koma samalani ndi zotchipa za m'mbali mwa msewu. Yanga yoyamba ndinakondwa nayo mtengo, kufika kunyumba ndinapeza masamba a chilembo cha M akulumphira ku P. Vundukulani masamba musanapereke ndalama, wogulitsa akakwiye. Ya pafoni imathanso ntchito, makamaka yosafuna bandulo mukaitsitsa, bola mwana asathere pa TikTok.

Zotsalazo n'zodziwika. Apange chiganizo chakechake ndi liwulo, alilembe kumapeto kwa kope, Loweruka mumufunse asanapite kumpira.