Getsi la njinga yamoto likamayaka ngati koloboyi

Njinga yanga ndi Yamaha DT 125 yakale, imodzi mwa zija mabungwe amagulitsa zikatopa, ndipo pofika kwa ine inali itadutsa kale m'manja mwa anthu awiri. Masana inalibe vuto, mchenga wa ku Lifuwu inkangoupasula. Koma tsiku loyamba kuyenda nayo usiku, kuchokera ku Senga Bay kubwerera ku Kamuzu Road, getsi linkayaka ngati koloboyi, moti ngolo yopanda nyali ndinaiona fungo la ng'ombe litandipeza kale. Sabata imeneyo ndinagula mababu awiri ndi batire latsopano, osasintha kanthu. Kumapeto vuto linapezeka pa bawuti imodzi ya dzimbiri.

Ndiye musanatulutse ndalama pa shopu ya masipeyala, liyang'aneni kaye getsilo mmene likuchitira. Kukada, imikani njinga moyang'anizana ndi khoma, lizani injini, yatsani getsi, muziwonjezera moto pang'onopang'ono. Ngati likuwala kwambiri mukaponda moto, n'kuzimiratu mukazimitsa injini, dziwani kuti silidya za batire. Njinga zambiri zakale za m'tchirezi getsi lakutsogolo limatenga mphamvu ku koyilo ya mu magineto, imene imapanga magetsi injini ikamalira, batire n'kumangothandiza hutala ndi maindiketa. Langa lija ndinangotayirapo ndalama. Kuchepako mphamvu injini ikamalira pansipansi si matenda pa njinga zotere. Matenda ndi pamene mwaponda moto koma khoma likadali mbuu.

Chotsani babu muwerenge zolembedwa pa chitsulo chake. Njinga zina zakale ndi za 6 volts, zina ndi za 12. Babu la 12 pa njinga ya 6 limangofiira ngati khala, la 6 pa njinga ya 12 limapsa nthawi yomweyo. Onaninso ma watts. Njinga zimenezi zimafuna babu la 25 kapena 35, koma pamakhala wina amene anaikamo la galimoto la 55 poganiza kuti liwala ngati la minibasi, chonsecho koyilo singakwanitse kulidyetsa. Babu lakuda m'kati latopa, lisintheni. Galasi nalonso lipukuteni. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa zimene nkhungu zimachita zikamatirira.

Tsopano earth, amene anandivutitsa ineyo. Magetsi akafika pa babu amayenera kubwerera kudzera mu waya womangidwa ku chitsulo cha njinga, ameneyu ndiye earth. Pa Yamaha wayayu amakhala wakuda, pa Honda wobiriwira. Chinyezi cha kuno, kuwoloka timitsinje nthawi ya dzinja, ndi anyamata otsuka njinga mothira ndowa yonse pa handulo, zonsezi zimabweretsa dzimbiri pamene wayayo wagwira chitsulo. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: mukayatsa indiketa getsi lina limaphethira nawo, mukaponda buleki getsi lakutsogolo limafooka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani waya wotalika ngati mkono, nsonga ina muigunditse pa chitsulo cha babu pamene pafikira earth, ina pa bawuti yoyera ya injini. Getsi likawala mwadzidzidzi, mwamugwira. Kwa ine linawala mpaka mwana amene ankandigwirira tochi anakuwa. Bawutiyo inali pansi pa thanki, yofiira ngati dothi la katondo. Ndinaimasula, ndinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinang'anima, ndinamanga zolimba, pamwamba n'kupakapo girizi pang'ono.

Getsi likamazima n'kuyakanso lokha, gwirani handulo muikhotetsere uku ndi uku injini ikulira. Likaphethira pokhota, waya waduka pakhosi pa njinga, pamene mtolo wa mawaya umapindika tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri amadukira m'kati, chikopa chake chili bwinobwino, ndiye muzikoka mmodzimmodzi. Woduka amatamuka ngati legeni. Mukatsegula kuseri kwa getsi musadabwe ndi zimene eni ake akale anasiya. Ine ndinapeza mawaya opotokola ndi manja, okulunga ndi jumbo. Dulani zonsezo, lumikizani powotcherera ndi soda, mukulunge ndi tepi yeniyeni. Timapulagi tobiriwira ndi dzimbiri la mkuwa tipaleni. Switchi ya pa handulo imadzaza fumbi, koma poitsegula yalani nsalu pansi, chifukwa muli kasipuling'i kamene kakagwera mumchenga wa ku Salima kuno mwakatsanzika.

Pali vuto lina losiyana: getsi kuwala kwambiri mukathamanga pa M5, kenako babu phu! Mwasintha, mawa lapsanso. Apo musadandaule za mababu achinyengo, wafa ndi regiyuleta, kachipangizo koletsa magetsi kupitirira muyeso, kapena earth wake wamasuka. Bwerekani mita yoyezera magetsi kwa okonza mawailesi. Pa njinga ya 12 volts imene getsi lake limadya za magineto, ikani mita pa AC muyeze pa waya wa babu. Mukaponda moto isapitirire 14 kapena 15. Ikamangokwera, sinthani regiyuleta. Ngati getsi lanu limayaka injini isanalire, ndiye kuti limadya za batire, ndipo mita muiike pa DC: batire labwino limaonetsa 12.6 injini ili chete, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikamalira. Pa njinga ya 6 volts manambalawa agaweni pawiri. Fyuzi ikapsa gulani ina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya n'kuitana moto pansi pa chishalo.

Koyilo muiganizire pomaliza, zonsezi zitalephera ndipo mita ikuonetsa mphamvu yochepa pa waya wochokera ku magineto. Koyiloyo imakhala kuseri kwa fulayiwilo, ndipo kuchotsa fulayiwilo kumafuna chida chake chokokera, ndiye pitani nayo kwa amakaniko amene ali nacho. Mukaona atenga hamala ndi tchizulo, akanizeni mwaulemu, mukankhe njinga yanu.

Za mababu a LED amene adzaza m'mashopuwa, ambiri amafuna DC ngati ya batire, osati AC ya magineto. Ndinayesapo limodzi pa DT yanga, linkaphethira ngati chiphaniphani injini ikatsika, ndipo silinathe mwezi. Ndinabwezeramo babu wamba, lina la sipeya n'kulikulunga m'sokosi yakale pansi pa chishalo.