Zipolopolo zoyeserera pistol: kugula zotchipa zimene sizikana

Chipolopolo choyeserera chilibe ntchito yaikulu. Chiboole pepala la chandamale pa mamita 7, 10 kapena 25, chitaye khoko lake, chinzake chilowe, basi. Choncho mtengo umene uli pabokosi si umene muyenera kuyamba kuyang'ana. Bokosi la 50 limene zipolopolo zake zitatu kapena zinayi zikukana kulira silinatchipe, chifukwa tsiku lonse mukhalira kukonza mfuti m'malo mophunzira kuloza. Zotchipa zenizeni ndi zimene mfuti yanuyo ikudya popanda kutsamwa, ndipo zimenezo mumazidziwa mutaziyesa.

Kuno ku Malawi zipolopolo zili pansi pa lamulo lomwelo la mfuti, la Firearms Act, ndipo chiphaso chimachokera kupolisi. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, za mfuti imene ili pachiphaso chanu, lisiti musunge. Munthu wokuyandikirani pa depoti kapena ku Chibavi kuno ku Mzuzu ndi zipolopolo za m'jumbo, zopanda bokosi, msiyeni apite. Ndi mlandu, komanso simudziwa zaka zimene zakhala m'chinyezi kapena kumene zinabedwa.

Mawu oti "9mm" amasocheretsa anthu ambiri. Werengani zimene zalembedwa pa mpope kapena pa slide ya mfuti (chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera kumbuyo mukawombera), kenako muwerenge zapansi pa khoko la chipolopolo, ziyenera kufanana. 9x19, 9mm Luger, 9mm Parabellum ndi 9mm Para ndi chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene chimalowa mu Glock 17, CZ 75 ndi Beretta 92. 9mm Short, 9mm Kurz, 9x17 ndi .380 ACP ndi china, chachifupi ndi mamilimita awiri. Chimatha kulowa mu mfuti ya 9x19, nthawi zina n'kulira kumene, koma khoko limafufuma kapena kukanirira. 9x18 Makarov ndi chachitatu, mutu wake ndi wonenepa, pafupifupi mamilimita 9.2 pomwe wa Luger ndi 9.0. A revolver, mfuti yosunga zipolopolo m'zibowo zozungulira, ali ndi mwayi: ya .357 Magnum imalola zipolopolo za .38 Special, zomwe ndi zotsika mtengo komanso zosagwedeza dzanja kwambiri. Ingokumbukirani kutsuka mphete ya mwaye imene makoko aafupiwo amasiya m'zibowo, apo ayi za .357 zidzavuta kulowa.

Pabokosi funani zilembo za FMJ. Mutu wake ndi mtovu wokutidwa ndi mkuwa, wosalala kutsogolo, ndiye umatsetsereka bwino kuchoka m'magazini. Za JHP, zobowoka kutsogolo zija, n'zodula ndipo pepala silidziwa kusiyana kwake. Ngati ndi zimene mumasunga mu mfuti, womberaniko magazini imodzi kapena awiri mwa apo ndi apo kuti mutsimikize kuti zikuyenda. Za mtovu wosakutidwa zimatchipa koma zimasiya mtovu mu mpope, ndipo mu Glock, imene mizere ya mu mpope wake ndi yosalala, musaziike.

Kulemera kwa mutu kumalembedwa mu grain. Za 9x19 zofala ndi 115, 124 ndi 147, kutanthauza magalamu pafupifupi 7.5, 8 ndi 9.5. Za 115 ndi zimene kawirikawiri zimatsika mtengo, koma makampani ena amaziika wonga wochepa. Mfuti yatsopano, imene sipuling'i yake ikadali yolimba, imalephera kukankhira slide mpaka kumbuyo ndi zipolopolo zotere, ndiye mumangoona khoko laima chilili pakhomo lotulukira, litapanidwa. Ambiri amathamangira kunena kuti mfuti ndi yowonongeka. Yesani kaye za 124, ndipo limbitsani mkono, chifukwa dzanja lofooka limabweretsa vuto lomwelo. Dziwaninso kuti mutu wolemera, poti umayenda pang'onopang'ono, nthawi zambiri umaboola m'mwamba pang'ono kuposa wopepuka. Mukasintha kulemera musadabwe kuona mabowo asuntha. Za +P, zamphamvu yowonjezera, zisiyeni: malire a SAAMI, bungwe la ku America loika miyezo ya zipolopolo, pa mphamvu ya mpweya wa 9x19 wamba ndi 35,000 psi, a +P ndi 38,500 psi, ndipo mphamvu yowonjezerayo ingokudyerani mfuti ndi ndalama.

Pa makoko ndi pamene pamasiyana mitengo. A mkuwa ndi abwino koposa: chipolopolo chikalira khoko limafufuma n'kutseka mpweya, kenako limabwerera pang'ono, n'kutuluka mosavuta. A aluminiyamu ndi opepuka, amagwira ntchito bwino mu mfuti zambiri. A chitsulo ndi otchipitsitsa koma satseka bwino, mwaye umabwerera m'chipinda cha chipolopolo, ndipo mukawombera zambiri makoko amayamba kukakamira. Kuno ku Mzuzu ali ndi vuto lachiwiri, dzimbiri. Tengani kamaginito m'thumba popita kogula ndipo mukakhudzitse kunsonga ya mutu, osati pakhoko pokha. Kakamamatira, ndiye kuti chokutira mutucho chili ndi chitsulo. Zotere zimathetheka moto zikamenya chandamale chachitsulo, zimatha kuyatsa udzu wouma wa mu Okutobala, ndipo malo ambiri owomberapo amazikana.

Zakale za asilikali a mayiko ena, zimene zimagulitsidwa zitakhala zaka zambiri m'nkhokwe, zina zimakhala ndi primer ya mtundu wakale. Primer ndi kachitsulo kozungulira kapakati pa tsinde la khoko, kamene kamayatsa wonga. Ya mtundu wakaleyo imasiya mchere mu mpope, mchere umakoka chinyezi, ndipo ndi nkhungu yathu ino mpope umachita dzimbiri usiku umodzi. Mafuta sasungunula mchere. Ngati mwawombera zotere, tsukani mpope ndi madzi otentha tsiku lomwelo, muumitse, kenako mupake mafuta. Kunena zoona, ndalama imene mwapulumutsa siyenerana ndi ntchitoyo.

Mayina odalirika pa zoyeserera ndi monga PMP ya ku Pretoria, Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, Magtech ya ku Brazil, Fiocchi ya ku Italy ndi PPU ya ku Serbia. Zambiri zopangidwa ku Ulaya zimakhala ndi chizindikiro cha CIP pabokosi, chosonyeza kuti zinayesedwa. Zodzazidwanso ndi munthu amene simukumudziwa ayi: wonga akauika kawiri m'khoko limodzi mfuti imaphulikira m'manja mwanu.

Musanapereke ndalama pemphani kutsegula bokosi. Yang'anani madontho obiriwira pa mkuwa, makoko ophwanyika m'mbali kapena ong'aluka kukamwa, ndi primer yotumphuka kuposa tsinde. Imikani zipolopolo khumi pa tebulo n'kuziyang'ana cham'mbali. Chimene mutu wake walowa m'kati kuposa zinzake chichotseni, chifukwa malo a wonga achepa ndipo mphamvu yake ikwera moopsa. Zimenezi zimachitikanso ndi chipolopolo chimodzi chimene mumachilowetsa ndi kuchitulutsa mu mfuti tsiku ndi tsiku. Pa chivindikiro cha bokosi pamakhala nambala ya lot, yosonyeza gulu la zipolopolo zopangidwa pamodzi, ilembeni.

Musagule katoni nthawi yoyamba. Gulani mabokosi awiri, zipolopolo 100. Kunyumba chotsani mpope mu mfuti, muuimike, mugwetseremo chipolopolo: chilowe chokha ndi kulemera kwake, ndipo mukautembenuza chigwe chokha. Chikafuna kukankhidwa ndi chala, bokosi limenelo likuvutitsani. Kumalo owomberako pitani ndi mfuti yotsuka ndi magazini amene mwawalemba manambala pansi, kuti vuto likamangochitika pa magazini imodzi musanamizire zipolopolo. Tsamizani manja pa thumba la mchenga, muwombere magulu a zisanuzisanu pa mamita 10, kenako zotsalazo muwombere mmene mumachitira nthawi zonse. Tolani makoko angapo muwaone ngati afufuma, ang'aluka kapena primer yabowoka. Zonse 100 zikayenda bwino, bwererani mukagule zambiri za lot yomweyo, mmene chiphaso ndi thumba zikulolera.

Mfuti ikangoti tcha osalira, ilozetsenibe kuchandamale masekondi 30, poti wonga wonyowa umatha kuchedwa kuyaka. Mukatulutsa chipolopolocho yang'anani primer. Ngati yatobokera kwambiri, cholakwa ndi chipolopolo. Ngati yangokandika pang'ono, vuto ndi mfuti yakuda, sipuling'i yotopa, kapena primer yolimba kuposa mphamvu ya mfuti yanu. Choopsa kwambiri ndi kulira kofooka, kongoti pwe, mfuti osagwedezeka. Imani pomwepo. Mutu ukhoza kukhala utatsakamira mu mpope, ndipo chotsatiracho chingang'ambe mpopewo. Chotsani magazini, tulutsani chimene chili m'kati, chotsani mpope, mulowetsemo kandodo kuti muone ngati muli poyera.

Mvula ya Mzuzu imachedwa kutha, ndipo Juni ndi Julayi mawawa ndi nkhungu sizisowa. Mabokosi a pepala amamwa chinyezi chimenechi ngati mchere wa m'kabati. Aikeni m'bokosi lachitsulo kapena lapulasitiki lokhala ndi labala pachivindikiro, muponyemo timapaketi ta silica gel, likhale pashelefu osati pasimenti, lokhoma, kutali ndi ana komanso padera ndi mfuti. Lembani deti logulira pabokosi lililonse n'kumayamba ndi zakale. Musapake zipolopolo mafuta kapena WD-40, amatha kulowa mu primer n'kuipha. Musazisiyenso m'buti ya galimoto masiku ambiri mukatsikira kotentha ku Nkhata Bay kapena Karonga.

Ngati 9x19 ikukulemeranibe, pistol ya .22 LR imadya zotchipa kwambiri, ngakhale imafuna chiphaso chakechake ndipo zipolopolo zake zimakanakana kuposa zinazi. Kuyeserera kukoka trigger kunyumba ndi zipolopolo zabodza zapulasitiki sikudya kanthu, bola zenizeni zikhale m'chipinda china. Mukachoka kowombera sambani m'manja ndi sopo ndi madzi ozizira musanagwire nsima, chifukwa fumbi lakuda lija la m'zala lili ndi mtovu.