Onga Ukutayika pa Makina Odzazira Zipolopolo: Momwe Mungapezere Vuto ndi Kulikonza

Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti ndinali m'garaja kwathu ku Waterfalls mu Harare, ndikudzaza zipolopolo za 9mm zokayeserera kulasa chandamale. Ndisanafike n'komwe pa chipolopolo cha 40, ndinaona timbewu ta onga titangoti mbwee pambale yozungulira ija imene anzathu amaitcha shellplate. Ndinapukuta n'kupitiriza. Posakhalitsa chogwirira cha makina chinayamba kulimba, ndipo primer imodzi (kachitsulo kolowa pansi pa chigoba cha chipolopolo, kamene kamayatsa onga) inatuluka itabonyoka chifukwa kambewu ka onga kanali katakhala pamutu pa kachitsulo koikankhira. Apo m'pamene ndinaimitsa ntchito.

Ambirife timaona ngati vuto la onga wotayika ndi uve chabe. Koma onga umene uli patebulo ndi womwe unayenera kukhala m'chigoba, kutanthauza kuti muyeso umene munayeza pa sikelo si umenenso uli m'chipolopolocho. Chipolopolo choperewera onga kwambiri chimatha kusiya mutu wake utatsakamira mumpope wa mfuti, ndipo chotsatira chikabwera pambuyo pake ngozi yake ndi yaikulu. Nkhaniyi ndikulembera amene ali ndi zikalata zonse zochokera kupolisi, poti kuno ku Zimbabwe za mfuti ndi zipolopolo zimayendera lamulo la Firearms Act, Chapter 10:09.

Choyamba, sesani ndi kuyang'anitsitsa

Musathamangire sipanala. Chotsani ma primer onse m'makina, kenaka sesani onga wotayikawo ndi kaburashi kofewa. Osagwiritsa ntchito makina okokera fumbi, chifukwa mota yake imatha kuthetheka moto, ndipo onga wosesedwa usabwererenso m'botolo. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, tengani tochi kapena dikirani. Kandulo ndi fodya zisalowe m'chipindamo.

Mukatero bwezerani ma primer, ikani chigoba chimodzi chokha pambale, muyendetse chogwirira pang'onopang'ono maso ali pachigobapo. Funso ndi limodzi: onga ukugwa nthawi iti? Pamene ukutsika kuchokera m'choyezera onga, pamene mbale ikuzungulira, kapena ukutulukira pansi pa chigoba? Malo atatuwa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo amene sanayang'ane amatha tsiku lonse akumasula mbali imene ilibe mlandu.

Ukamatulukira pansi

Ili ndi losavuta. Tembenuzani chigobacho. Ngati mulibe primer, onga umangodutsa pa kabowo ka pansi ngati mchenga. Onani ngati ma primer atha m'chubu, kapena ngati simukukankha chogwirira mpaka pamapeto pa nthawi yoika primer.

Ukamadumpha pamene mbale ikuzungulira

Apa ndi pamene pali nkhani, ndipo vuto langa linalinso pomwepa. Pa makina ngati Dillon XL650 ndi XL750, amene ali ndi malo 5 ndipo mbale imazungulira yokha, pansi pa mbaleyo pali kagolo kachitsulo, konga magolo a njinga, kokhala pa kasipuling'i. Mbale ikafika pamalo pake kagoloko kamalowa m'kabowo kuti iime. Kakalowa mwamphamvu, mbale imangoti khwa! ndipo onga umene uli pafupi ndi kukamwa kwa chigoba umalumphira kunja, monga madzi amakhavukira m'ndowa munthu akapunthwa. Chigoba cha 9mm ndi chachifupi, kutalika kwake mamilimita 19 okha, choncho onga umakhala pafupi ndi pamwamba. Zimachitikanso pa zipolopolo za .223 za mfuti zazitali chigoba chikadzaza kufika m'khosi.

Yambani ndi bawuti ya pakati pa mbale. Ikani chala m'mphepete mwa mbaleyo muyese kuigwedeza. Ikamapendeka, bawuti yalekerera. Masulani kasikuluwu kam'mbali kamene kamaigwira, mangani bawutiyo mpaka mbale ilimbe, kenaka bwezani pang'ono kwambiri kufikira mbale ikuzungulira mosakakamiza koma osagwedera. Musaiwale kumanganso kasikuluwu kaja, apo ayi bawuti idzayenda yokha.

Mbale ikadali chichotsere, pukutani pansi pake ndipo pakani girisi pang'ono pamene mutu wa bawuti umakhudza mbale. Pang'ono ndithu, chifukwa mafuta akakhudza onga kapena primer amaziwononga.

Zikapitirira, ambiri amafewetsa mphamvu ya kagolo kaja. Ena amaika kagolo kopepuka kapulasitiki, ena amadula theka la mpiringidzo umodzi wa sipuling'i. Ine sindivomereza kudula musanakhale ndi sipuling'i ina yapadera. Kuno ku Harare zipangizo zoterezi sizipezeka pa golosale, nthawi zambiri timadikira wina wochokera ku Johannesburg, ndipo sipuling'i yodulidwa mopyola imachititsa mbale kuima pena paliponse, primer n'kumalowa mopendeka.

Madala ena a ku Mufakose, amene anayamba ntchitoyi ine ndili mwana, atabwera kudzaona makina angawo sanakhudze sipanala. Anangoti, "Achimwene, dzanja lanuli likuthamanga ngati mukupopa madzi pamjigo." Zinali zoona. Anandionetsa kukweza chogwirira mwaulemu, kuchepetsa liwiro pamene mbale yatsala pang'ono kuima, uku chala cha kumanzere chikutsatira chigoba chimene chili ndi onga, mutu wa chipolopolo uli kale pakamwa pake. Mwa zonse zimene ndinayesa, ichi ndi chimene chinathandiza kwambiri, ndipo sichinandidyere ndalama.

Makina amasiyana. Pa Dillon RL550 mbale mumaizunguza nokha ndi chala, ndiye liwiro lili m'manja mwanu. Hornady Lock-N-Load AP imazungulira theka pokwera ndi theka potsika, ndipo ili ndi tizitsulo tiwiri tokankha mbale timene timafuna kusinthidwa tikasiya kuifikitsa pamalo pake.

Yang'ananinso tebulo. Kokani chogwirira muone ngati botolo la onga pamwamba pa makina likuvina. Tebulo logwedera limachulukitsa vuto lililonse. Limangirireni kukhoma ndi mabawuti, ndipo ngati thabwa la pamwamba ndi lopyapyala, onjezerani lina pansi pake.

Ukamatayika potsika kuchokera m'choyezera

Yambani ndi fanelo imene imalowa m'kamwa mwa chigoba. Pa zigoba za mfuti yam'manja, fanelo yomweyo ndi imene imakuza kukamwa pang'ono kuti mutu wa chipolopolo ukhale bwino. Ikakhala pamwamba kwambiri, choyezera sichifika kumapeto kwa ulendo wake ndipo onga wina umatsalira, n'kudzagwa chigoba chitachoka. Tsitsani die yake, chitsulo cholowa ngati bawuti chimene chimasunga faneloyo, pang'onopang'ono, mukuyesa ndi chigoba chopanda kanthu, mpaka chitsulo chotsetsereka cha m'choyezera, chimene chimatunga onga, chizifika kumapeto. Onaninso kandodo kamene kamachibweza, kasakhale kolekerera.

Kenaka pali magetsi aja amene amathetheka munthu akamavula juzi usiku. M'miyezi youma, kuyambira Juni mpaka mvula isanagwe, mpweya wa mu Harare umauma kwambiri ndipo onga umamatirira m'botolo lapulasitiki ndi m'fanelo. Mukaona timbewu titakakamira m'mbali mwa botolo, vuto ndi limenelo. Khuthulani onga, tsukani botolo ndi sopo wotsukira mbale, lisiyeni liume lokha osalipukuta ndi nsalu. Fanelo yachitsulo ipukuteni ndi spiriti kuti mafuta onse achoke. Ufa wa graphite pang'ono umathandiza kuti zitsulo ziziterera popanda mafuta. Ena amalumikizanso waya kuchokera pamakina kupita ku ndodo ya m'nthaka.

Mtundu wa onga nawonso uli ndi khalidwe lake. Onga, monga wa Somchem wochokera ku South Africa, uli wamitundumitundu. Wa timitengo, wofala pa mfuti zazitali, umatha kupingasa pakhosi lopapatiza la chigoba ngati la .223, n'kutsika mochedwa. Mankhwala ake ndi kuima kamphindi chogwirira chili pansi kuti onga wonse utsike musanachikweze. Wa timipira tating'onoting'ono umatsika bwino, koma umapeza mpata uliwonse wotulukira m'choyezera chimene zitsulo zake zatha kapena masikuluwu ake alekerera. Ngati mwaganiza zosintha onga kuti chigoba chisamadzaze kwambiri, muyeso wake mutenge m'buku la opanga ongawo basi, osati pakamwa pa mnzanu.

Pa zigoba za mfuti zazitali onaninso m'khosi. Mafuta opaka zigoba akatsalira m'menemo amagwira onga ngati ulimbo.

Yesani musanayambirenso

Sinthani chinthu chimodzi, muyese, kenaka china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Mukaona kuti zakhala bwino, dzazani zigoba 10 makina ali ndi zigoba m'malo onse, monga mmene mumagwirira ntchito masiku onse, ndipo chilichonse muchichotse chikangofika pamalo oikira mutu, muyeze onga wake pa sikelo. Kuyeza pamenepo kumakuuzani zimene zatsala mbale itazungulira kale. Grain imodzi, muyeso umene timayezera onga, ndi pafupifupi magalamu 0.065, ndiye timbewu tochepa pa chigoba chaching'ono timaoneka pa sikelo.

Nanga zipolopolo zimene munadzaza onga ukutayika? Musaziyeze zathunthu n'kudzikhulupiritsa, chifukwa zigoba ndi mitu zimasiyana kulemera mokwanira kubisa kuperewera kwa onga. Ziikeni padera m'kabokosi kolembedwa bwino, ndipo muzimasule ndi chochotsera mitu. Zanga za Loweruka lija zinanditengera madzulo onse a Lamulungu, ndipo ndinazidzazanso sabata yotsatira mbale itasiya kudumpha.