Momwe mungatengere tchuthi cha uchembere muli kholo lolera lokha mwana pa ntchito ya boma

Ine ndinatenga tchuthichi ndili ndekha, popanda wina wolowetsa ndalama pakhomo, ndipo mwezi wachiwiri malipiro sanalowe. Ndikulemba izi kuti inu zisakuonekereni.

Choyamba pezani buku la malamulo a ntchito a boma limene mukuligwirira ntchito, muwerenge nokha gawo la tchuthi. Musadalire zomwe anzanu akunena muofesi, chifukwa aliyense amakumbukira za nthawi yake. Masiku amasiyana dziko ndi dziko. Pangano nambala 183 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la chaka cha 2000, limati mayi apume masabata osachepera 14, ndipo 6 mwa amenewa akhale a pambuyo pochira. Limatinso ndalama zomwe akulandira zisatsike kuposa magawo awiri mwa atatu a malipiro ake. Koma si maiko onse anasaina panganoli, ndiye chokumangani inu ndi lamulo la kwanu. Ku America, ogwira ntchito m'boma lalikulu amapatsidwa masabata 12 olipidwa kuyambira mu 2020, mayi kapena bambo. Ku Sweden makolo amagawana masiku 480, ndipo kholo lomwe lili ndi udindo wonse pa mwanayo limatenga masiku onsewo lokha. Powerengapo funani zinthu ngati zimenezi: kodi masiku a kholo linalo angabwere kwa inu? Kodi bambo wolera yekha khanda, mwina mayi atamwalira pochira, akuwerengedwa? Nanga wotenga mwana wamasiye kuti akhale wake mwalamulo?

Kenako sonkhanitsani mapepala. Kalata ya dokotala yonena tsiku lomwe mukuyembekezeka kuchira itengeni komwe mumayendera sikelo. Alipo ena amene amalonjeza kukulemberani kalata yosintha tsiku kuti masiku achuluke, bola muwapatse kangachepe. Akaneni. Mwana akabadwa chiphaso chake chidzanena zoona, ndipo mlandu udzakhala wanu. Ngati malamulo anu ali ndi gawo la kholo lolera lokha, adzafuna umboni: chigamulo cha khothi, chiphaso cha imfa ya mnzanu, kapena kalata yolumbirira. Pepala la kukhothi limachedwa kutuluka, liyambeni pathupi pakadali pang'ono. Fotokope chitani zitatuzitatu. Mukachitira pafupi ndi maofesi mtengo umakwera, ndiye chitiranitu kwina.

Tsopano apa ndi pamene ndinagwa. Ndinalemba fomu, ndinapereka kwa abwana anga, iwo anati, “Pitani mukapume mayi, zonse tizikonza.” Ananena ndi mtima wabwino, ndipo ine ndinakhulupirira. Fomu ija anaisaina, koma inakhala m'thireyi osafika ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo a malipiro sanamve kalikonse. M'mabuku mwawo ndinkaoneka ngati munthu wojomba. Mwezi woyamba ndalama zinalowa chifukwa ndandanda inali itakonzedwa kale. Wachiwiri, ndili ndi khanda la masabata ochepa, ndinapeza mu akaunti mulibe kanthu. Wapabanja akanadalira malipiro a mnzake. Ine ndinabereka mwana kumbuyo, bala lisanapole bwino, n'kuyamba kuyenda ofesi ndi ofesi kufunafuna pepala lomwe ndinalibe ngakhale fotokope yake. Ndalamazo zinabwera ndithu, koma patapita nthawi, nditakongola kale kwa anthu ofuna chiwongoladzanja chachikulu.

Choncho chitani motere. Abwana akasaina, fomuyo muinyamule nokha kupita nayo kwa oona za ogwira ntchito. Wolandirayo adinde chidindo pa kope lanu, alembe tsiku ndi dzina lake. Musatuluke pa ntchito musanagwire m'manja kalata yovomereza, yolemba tsiku loyamba tchuthi, tsiku lobwerera, komanso kuti mudzilandira malipiro onse kapena gawo. Mukatero pitani kwa a malipiro, muwaonetse kalatayo, muwafunse ngati alowetsa m'kompyuta. Funsaninso za ndalama zapadera, monga za nyumba kapena za mayendedwe, ngati zimapitirira muli pa tchuthi, komanso ngati ngongole yomwe amakudulani ipitirire kudulidwa. Jambulani pepala lililonse pa foni. Wina akakuuzani kuti fayilo iyenda msanga mukamuganizira, dziwani kuti tchuthichi ndi ufulu wanu, sichigulidwa. Ngati muli m'bungwe la ogwira ntchito, mtsogoleri wake ndi amene angakuthandizeni kukankha fayilo popanda kulipira.

Njira yachidule yomwe inandithandiza ndi kusunga masiku a tchuthi cha pachaka n'kuwalumikiza kumapeto kwa cha uchembere. Izi zilembedwe m'kalata yomweyo, osati pakamwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, ndipo tchuthi chambiri sichifika pamenepo, ndiye sabata iliyonse yowonjezera ndi yamtengo wapatali.

Mwana akabadwa, kalembetseni msanga, mutumize fotokope ya chiphaso ku ofesi. Akabadwa tsiku lisanakwane, adziwitseni kuti asinthe masiku. Sankhani munthu mmodzi wodalirika yemwe angakuyendereni mapepala inu muli chigonere.

Wolera mwana yambani kumufuna kudakali mwezi wathunthu musanabwerere ku ntchito, mumuyese inu muli pomwepo. Mabungwe ena opezera anthu antchito amalandira ndalama n'kukutumizirani munthu yemwe sanamufufuze n'komwe.

Tsiku lobwerera lembani kalata yoti mwayambanso ntchito, adinde. Pemphani nthawi yoyamwitsa, imene pangano la ILO lija limati iwerengedwe ngati nthawi ya ntchito yolipidwa. Pakutha pa mweziwo onani pepala la malipiro ngati zonse zabwerera m'malo mwake.