Momwe mungapatsirane ma keyword argument pakati pa ma function mu Python

Chaka chatha ndinapangira kagulu ka alimi a soya ndi mtedza kuno ku Kasungu pulogalamu yotulutsa malisiti mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Function (kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi) ina imalemba lisiti, n'kupatsira zinthu inzake yowerengera ndalama. Koma zina sizibwera nthawi zonse: wina amadulidwa ngongole ya feteleza, wina ayi.

Poyamba, Python musagule. Pali anyamata ena pa boma pano amene amakopera anthu pa flash n'kulipiritsa, chonsecho ndi yaulere pa python.org, mungowononga bandulo basi. Tengani Python 3, chifukwa Python 2 anasiya kuyikonza mu 2020.

Function yolandira muyiikire nyenyezi ziwiri:

def lemba_lisiti(dzina, makilo, mtengo, **zina):

Ambiri amalemba kwargs, koma dzinalo n'lanu, nyenyezizo ndizo zimagwira ntchito. Chilichonse chowonjezera chobwera ndi dzina lake, monga ngongole=5000 (ndiyo keyword argument), chimagwera mu zina, yomwe ndi dictionary wamba, mosungira zinthu chilichonse ndi dzina lake. Popatsira inzake, nyenyezi zibwerenso:

werengera(makilo, mtengo, **zina)

Apa ndiye pamene ndinapunthwa. Ndinkafuna kuti lisiti lizionetsa tsiku, ndiye ndinalemba zina.get("tsiku"). Kunyumba zinayenda bwinobwino, chifukwa poyesa sindinkaika tsiku. Tsiku logula mbewu, alimi ali pamzere ndi matumba awo, kompyuta inangoti TypeError, unexpected keyword argument. Tinalemba malisiti pamanja mpaka dzuwa kulowa. Usiku ndipo ndinazindikira kuti get imangosuzumira, sichotsa kanthu. Tsiku linatsalira mu zina n'kupita kwa werengera, yemwe za tsiku sazidziwa. Cholondola n'ichi:

tsiku = zina.pop("tsiku", None)

Pop imatenga n'kuchotseratu. None ameneyo musamuiwale, apo ayi tsiku likasowa mukumana ndi KeyError. Masiku ano ndimangolemba tsiku=None pamutu pa function, patsogolo pa zina, ndipo silowamonso mu dictionary.

Mudzalakalaka kuyikanso **zina pamutu pa werengera kuti phokoso lithe. Musatero! Wina akalemba ngongle m'malo mwa ngongole, pulogalamu imeza cheteche, ngongoleyo osadulidwa, ndalama za gulu n'kupita.

Mukaona uthenga woti multiple values, ndiye kuti chinthu chimodzi mwachipereka kawiri, pamanja komanso mu zina. Chotsani chimodzi. Mukasokonezeka, chitani print pa zina musanapatsire, muone zomwe zili m'katimo.