Momwe mungagawanirane intaneti ya pakhomo ndi aneba ku Dedza

Pa Dedza boma, ku Linthipe kapena ku Bembeke mumapeza nyumba zitatu kapena zinayi pa ploti imodzi, banja lililonse likugula bandulo yakeyake ya pafoni, ya tsiku kapena ya sabata. Muwonkhetse zimene mabanja onsewo amawononga pamwezi, kenako muyerekeze ndi mtengo wa bandulo imodzi yaikulu ya rauta (kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba kudzera pa Wi-Fi), muona chifukwa chake kusonkherana kuli kwanzeru. Koma zimayenda pokhapokha nyumba iliyonse ikhale ndi gawo lake lodziwika, la liwiro ndi la ndalama. Kungopatsana pasiwedi pampanda kumathera m'kukwiyirana.

Yambani mwayeza zimene muli nazo

Musanauze neba aliyense, yezani liwiro la intaneti yanu pa fast.com kapena pa Speedtest, m'mawa, masana ndi madzulo pakati pa 7 ndi 9 koloko, kwa masiku angapo. Nambala yoikhulupirira ndi yamadzulo, chifukwa ndi nthawi imene anthu ambiri amakhala pa nsanja imodzi ya netiweki, ndiponso ndi nthawi imene aneba anu onse adzakhale pafoni.

Kanema wa YouTube wooneka bwino pa 720p amafuna pafupifupi 2.5 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti), wa 1080p amafuna 5 Mbps. Choncho werengerani 4 kapena 5 Mbps pa nyumba iliyonse. Ngati madzulo mukupeza 15 Mbps, nyumba zitatu zikwana. Ngati mukupeza zosafika 5, musagawane, sizikukwanirani ngakhale inu nomwe.

Dedza ndi wa mapiri, ndipo netiweki imasintha pamtunda waufupi kwambiri. Nyumba ya kuseri kwa chitunda ikhoza kumagwira bwino TNM pamene ya patsidya ikugwira bwino Airtel. Yesani masimu onse awiri mu rauta ngati ndi yolola simu ya kampani iliyonse, ndipo yendani nayo m'zipinda mpaka mupeze windo limene ikoka bwino. Nthawi zina mupeza kuti rauta yaikulu iyenera kukhala kwa neba osati kwa inu. Vomerezani zimenezo.

Onaninso mtundu wa bandulo. 100 GB imamveka yambiri, koma mukaigawa panyumba zinayi ndi 25 GB iliyonse, kutanthauza zosakwana 1 GB patsiku, pamene ola limodzi la kanema wa 720p limadya 1 GB kapena kuposa. Mabandulo amene amati alibe malire nawo ambiri amakhala ndi mlingo umene mukaudutsa liwiro limatsitsidwa. Funsani mlingowo musanagule.

Za malamulo ndi mgwirizano

Kusonkherana kulipira bilu imodzi n'kosiyana ndi kugulitsa intaneti. Lamulo la Communications Act la 2016 limafuna chilolezo cha MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, kwa wopereka ntchito za mauthenga kwa anthu monga bizinesi, ndiye ngati maganizo anu ndi kugulitsa mavocha kumsika, pitani kaye mukafunse ku MACRA. Werenganinso mgwirizano wa kampani imene mumagulako. Starlink, imene idafika m'Malawi mu 2023, ili ndi mfundo zake zoletsa kugulitsa intaneti ya pakhomo kwa ena, ndipo makampani ena ali ndi zawo.

China chofunika kuchidziwa: simu ya mu rauta idalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika cha munthu mmodzi. Wina akachita zachinyengo kapena zoopseza anthu kudzera pa laini imeneyo, woyamba kufunsidwa ndi mwini simu. Gawanani ndi anthu amene mukuwadziwa.

Khalani pansi nyumba zonse, ndipo ngati ndi nyumba za lendi alandilodi adziwe, chifukwa padzakhala kuboola khoma ndi kukumba pabwalo. Lembani papepala kapena m'gulu la WhatsApp kuti nyumba iliyonse izipereka zingati, tsiku liti, kwa ndani. Tsiku losonkha likhale masiku atatu bandulo isanathe, ndipo ndalama zizidutsa pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni. Ndalama zapamanja ndi zimene zimabala "ndinakupatsani kale aja". Gwirizananinso zochita wina akachedwa kulipira, ndi mwini wa chipangizo chilichonse wina akadzasamuka. Njira yosavuta ndi yakuti rauta yaikulu ikhale ya mwini laini, pamene waya ndi rauta yaing'ono zigulidwe ndi nyumba imene zikutumikira. Mabanja sakhala ofanana, ndipo si chilungamo kuti mphunzitsi wokhala yekha azipereka mofanana ndi banja la mafoni asanu ndi TV. Gawani mtengo m'magawo: yekhayo gawo limodzi, banja lalikulu magawo awiri, liwiro nalonso ligawidwe motero.

Chifukwa chake Wi-Fi yokha sikwanira

Ambiri amaika rauta pa windo n'kuyembekezera kuti ifika kwa neba. Ngati nyumba zili za mdadada, zogundana khoma, zikhoza kutheka. Ikani rauta pamwamba, cha m'mutu mwa munthu kapena kuposa, kutali ndi firiji ndi TV, ndipo neba alumikize pa 2.4 GHz, imene imapyola makoma bwino kuposa 5 GHz. Koma khoma lililonse la njerwa zootcha limadyako mphamvu, awiri kapena atatu amaimaliza, ndipo malata amaibweza m'malo moilola kudutsa. Foni imene ikugwira movutikira imachedwetsanso anzake onse, popeza rauta imataya nthawi kuibwerezera uthenga.

Ka repeater, kachipangizo kolowetsa pa soketi kofikitsa Wi-Fi patali, sitikukalimbikitsa. Kamalandira ndi kutumiza pa njira imodzimodzi, motero liwiro limatsika ndi theka, ndipo mukakaika pamene netiweki yafooka kale kamangofalitsa kufookako. Foni imaonetsa timizere todzaza koma tsamba osatseguka.

Kokani waya

Ngati nyumba ya neba ili mkati mwa mamita 100, waya ndiye njira yodalirika. Mufunika rauta yaikulu yokhala ndi mabowo a LAN kumbuyo, olowetsamo waya wa intaneti. Ka MiFi ka m'thumba sikathandiza, kalibe bowo ndipo kamalola zipangizo zochepa. Ngati bowo lilipo limodzi koma nyumba ndi zingapo, gulani switch, kabokosi kochulukitsa mabowo, ya mabowo 5. Marauta ena a Starlink alibe bowo, amafuna adaputa yake.

Gulani waya wa Cat5e kapena Cat6 wopangidwira panja, wa chikopa chakuda. Wotuwa wa mu ofesi uja dzuwa limauphwanya. Pachikopa kapena pabokosi pakalembedwa CCA, ndiye kuti mkati ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa. Ndi wotsika mtengo koma amaduka msanga ndipo pamtunda wautali amavuta, choncho funani wa kopa yeniyeni. Yezani mtunda ndi chingwe motsata mmene waya adzayendere, kuphatikiza kukwera ndi kutsika makoma, muwonjezerepo mamita 5. Waya akhale mmodzi wosalumikiza pakati, ndipo asapitirire mamita 100.

Kumbani kangalande kozama masentimita 30, mulowetse waya mu paipi ya PVC ya 20 mm, mumate molumikizira ndi guluu wa mapaipi, kenako mukwirire. Paipi imateteza ku makoswe, ku madzi ndi ku khasu la wolima pabwalo. Polowa m'nyumba boolani motsetsereka kunja, ndipo waya mumupinde pang'ono kuti atsike kenako akwere asanalowe m'bowo, kuti madzi a mvula azidontha pansi m'malo motsata waya mpaka mu rauta. Musamangirire waya ku pholo kapena ku nthambo za ESCOM, ndipo musamuyendetse m'paipi imodzi ndi waya wa magetsi.

Kumapeto konse kuwiri kumafunika timitu ta RJ45. Ngati mulibe chopanira chake, wokonza makompyuta akupanirani. Timawaya 8 ta mkati tikhale mu dongosolo limodzi mbali zonse, ndipo yesani waya musanakwirire ngalande. Mwini foni sadzaona vuto la kamutu kopanidwa molakwika, adzangoti intaneti ikuduladula.

Kunoko mvula imabwera ndi mphenzi, makamaka kuyambira Novembala mpaka Marichi, ndipo waya wolumikiza nyumba ziwiri ndi njira yabwino yolowera mphamvu yake ngakhale mphenziyo itagwa patali. N'chifukwa chake timakonda kukwirira kusiyana ndi kupachika m'mwamba. Ikani kachipangizo koteteza waya wa LAN ku mphenzi mbali zonse ngati mungakapeze, kolumikizidwa ku waya wa earth, ndipo kukayamba kugunda zulani waya kumbuyo kwa marauta onse awiri. Kuthimitsa pa soketi kokha sikuteteza bowo la LAN.

Kutchera rauta ya kwa neba

Nyumba iliyonse ikhale ndi rauta yakeyake yaing'ono, yopanda simu, ya mtundu wa TP-Link kapena Tenda. Waya wochokera kwa inu atuluke pa bowo la LAN la rauta yaikulu, alowe pa bowo lolembedwa WAN la rauta ya neba. Anthu ambiri amalangiza kuisandutsa Access Point, yongofalitsa netiweki ya rauta yaikulu, ndipo m'nyumba imodzi n'zoona. Koma pakati pa mabanja osiyana njira ya WAN ndi yabwino, chifukwa rauta yaikulu imaona nyumba yonse ya neba ngati chipangizo chimodzi. Kuika malire ndi kuwerenga zimene nyumbayo yadya kumaphweka, ndipo neba akapatsa mlendo pasiwedi, mlendoyo akudya gawo la nebayo.

Lumikizani foni ku rauta yatsopanoyo, mutsegule adiresi yolembedwa pa kapepala ka pansi pake, monga 192.168.0.1. Pa mtundu wa intaneti sankhani Dynamic IP. Kenako onani kuti maadiresi a marauta awiriwo asafanane nambala yachitatu. Ngati yaikulu ili pa 192.168.8.1 ndipo yaing'ono pa 192.168.0.1, zili bwino. Ngati zonse zili pa 192.168.0.1, sinthani yaing'ono ikhale 192.168.2.1, apo ayi foni idzalumikiza koma intaneti osayenda. Perekani dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi ya nyumbayo. Pa 2.4 GHz njira zosasokonezana ndi zitatu zokha, 1, 6 ndi 11, ndiye nyumba zoyandikana musaziike pa njira imodzi.

Neba wa patali kuposa mamita 100, kapena wa kutsidya kwa msewu, amafuna zipangizo ziwiri za panja zoyang'anizana, monga TP-Link CPE510 kapena Ubiquiti NanoStation, china pa pholo kwa inu china kwa iye. Zimalandira magetsi kudzera pa waya wa LAN womwewo. Chofunika n'chakuti zizionana popanda chotchinga. Mzere wa bulugamu kapena paini pakati umafooketsa kwambiri, makamaka masamba akanyowa, ndipo mtengo umene lero uli pansi pa mzerewo chaka chamawa udzakhala utakula.

Malire ndi chitetezo

Sinthani pasiwedi yolowera mu zotchera za rauta iliyonse. Ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi, ndipo ikasiyidwa pa "admin" mwana aliyense wochenjera akhoza kulowa n'kuchotsa malire. Pa Wi-Fi sankhani WPA2 kapena WPA3, pasiwedi ya zilembo ndi manambala osachepera 12, ndipo thimitsani WPS, njira yolumikizira popanda kulemba pasiwedi. Dziwani kuti mafoni a masiku ano amatha kuonetsa pasiwedi ngati QR code, choncho kumulembera munthu nokha m'foni mwake sikubisa kanthu.

Fufuzani pamene palembedwa Bandwidth Control kapena QoS, muike liwiro la nyumba iliyonse molingana ndi magawo aja, nyumba yanu yomwe. Ngati rauta ya simu ilibe malo amenewa, ikani malirewo pa rauta yaing'ono ya nyumba iliyonse. Musaiwale malire a zotumiza, upload. Foni imodzi ikamakweza zithunzi ku Google Photos imatha kutsamwitsa laini yonse ngakhale palibe akuonera kanema.

Bandulo zambiri zimathera pa zimene zipangizo zimakopera zokha. Foni ndi kompyuta zikaona Wi-Fi zimaganiza kuti ndi yaulere, n'kuyamba kukopera zosintha za mapulogalamu ndi makanema onse a m'magulu a WhatsApp. Tsiku lolumikiza, zungulirani mafoni onse: thimitsani auto-update mu Play Store, thimitsani kukopera kokha makanema pa WhatsApp, tsitsani YouTube pa 480p, ndipo pa kompyuta ya Windows yatsani Metered connection. Kamodzi pa sabata tumizani m'gulu chithunzi cha bandulo yotsala kuti aliyense aone ndi maso ake.

Magetsi akathima

Rauta yaikulu ikathima onse athima, ngakhale kwa neba kuli sola. Marauta ambiri amayenda pa 12V ndipo amadya mawati 6 mpaka 12, koma onani pa chaja chake chifukwa ena ndi a 9V. Ka mini UPS, kabatire kosungira magetsi a marauta, kamakwanira maola angapo. Batire ya 12V 7Ah imasunga pafupifupi mawati-ola 84, ndipo poti siyenera kutsitsidwa kupyola theka, rauta ya mawati 10 iyenda maola anayi. Starlink imadya kuchulukitsa kangapo, imafuna batire yaikulu. Mtengo wa zimenezi ulowe mu msonkhe wa onse, pamodzi ndi kangachepe ka mayunitsi a magetsi a mwini nyumba.

Neba akadandaula kuti sizikuyenda, yambani mwaona ngati kwa inu zikuyenda. Ngati nanunso zafa, vuto ndi bandulo kapena netiweki. Ngati kwa inu zili bwino, yang'anani kagetsi ka bowo la LAN: kakathima ndi waya kapena kamutu, ndipo nthawi zambiri mupeza dzimbiri lobiriwira pa timano ta kamutu chifukwa cha chinyontho cha nkhungu ya Juni ndi Julayi. Dulani mupane katsopano. Ngati kagetsi kakuyaka koma intaneti palibe, mwina wina adadina batani la reset ndipo rauta yabwerera pa adiresi yake yakale, itchereninso. Ngati zikungochedwa madzulo, tsegulani mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa muwerenge. Mukapeza zachilendo, sinthani pasiwedi ya nyumba imeneyo yokha, ndipo chitaninso chimodzimodzi tsiku limene wa lendi aliyense wasamuka.